A Makiyi ndi Chowinda cha Akazi Awo

Pansi pa masitepe a nyumba ina yosanjikizana, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi shopu yometera tsitsi, panali kachipinda kopanda zenera komwe munthu wamtali sakanaimirira osagunda mutu. M'kachipindamo ndi momwe a Makiyi anagwiriramo ntchito kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Mumsewu monsemo, kuyambira wapolisi wa pamphambano mpaka mayi wogulitsa nyuzipepala, ankawaitana ndi ntchito yawo. Ankadula makiyi, kukonza maloko, ndiponso kutsegulira anthu amene adzitsekera okha kunja kwa nyumba zawo. Khoma la kumbuyo kwawo linali misomali yokhayokha, pa msomali uliwonse pakulendewera makiyi osadula, ndipo wina akamatsika masitepe mothamanga makiyi onsewo ankalira ngati timabelu. Pa tebulo panali chopanira chachitsulo, kahamala, kabotolo ka oyilo ndi matupa asanu ndi awiri okulungidwa m'chikopa. Fumbi la mkuwa linkawalowa m'ndevu ndi m'zikhadabo, moti akazi awo ankati akachapa malaya a amuna awo madzi amanyezimira, koma chumacho sichioneka.

Kwa makasitomala a Makiyi anali munthu wanthabwala. Wina akabwera kachitatu kudzadulitsa kiyi wa chitseko chimodzimodzi, ankamufunsa ngati kwawo makiyi amawathira mchere n'kudya. Koma akafika kunyumba nthabwalazo ankazivula pakhomo pamodzi ndi nsapato. Sanali munthu waukali, kungoti mawu ankawathera masana. Ankakhala pampando wawo wa pafupi ndi zenera, wailesi ikulira pansipansi, n'kumamvetsera akazi awo akufotokoza za ku hotela komwe ankasita zovala ndi nsalu za pabedi chiimirire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Anali ndi ana awiri. Wachisamba anali mnyamata amene anatalika msanga osanenepa, ndipo anzake anamutcha Mlongoti. Dzinalo linakakamira mpaka makolo ake omwe anayamba kuitanana kuti bambo a Mlongoti, amake Mlongoti. Mzime anali mtsikana, wobadwa patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Ali ndi zaka zinayi anadwala matenda oumitsa khosi, nagonekedwa m'chipatala masabata asanu. Zinafika poti madokotala ankayankha mafunso akuyang'ana pansi. Amake Mlongoti ankagona pa katoni pansi pa bedi la mwanayo, ndipo m'mawa wina, mwana atasiya ngakhale kulira, anagwada m'khonde la wodi n'kuwinda kuti Mulungu akawasiyira mwana ameneyu, banja lonse lidzayenda wapansi njira ya amwendamnjira, kuchokera pakhomo la tchalitchi chawo mpaka ku tchalitchi chakale cha pamwamba pa phiri, ulendo wa masabata atatu. Mwanayo anachira. Anatuluka atawonda ngati kamtengo, ndipo poti aliyense ankamunyamula mosamala, achimwene ake anamutcha Kadzira.

Masabata asanu onsewo a Makiyi sanalowe mu wodi ngakhale kamodzi. Ankatsegula kachipinda kawo m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo achibale ankanong'onezana kuti munthuyu mtima wake ndi wamkuwa. Akazi awo sanawafunse chifukwa, ndipo iwo sananene.

Chowindacho sanachikane. Anangoti chabwino, chaka chamawa. Chaka chamawacho Kadzira anali akadali wofooka. Chotsatira chake Mlongoti anali ndi mayeso. Kenako ku hotela anakana kupereka tchuthi, kenako denga linayamba kudontha, kenako apongozi awo anadwala nthawi yaitali. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali funso limene a Makiyi ankaliona kuti lilibe yankho: akatseka kachipinda masabata atatu, anthu odzitsekera kunja adzagona kuti? Chaka chilichonse nyengo ya ulendo ikafika, amake Mlongoti ankatsitsa kalendala, kuiyang'ana, n'kuibwezera pa msomali. Ankangoti zengerezu adalinda kwawukwawu, amuna awo n'kukweza wailesi pang'ono.

M'zaka zimenezo Mlongoti anakula, ndipo bambo ake anayamba kumuphunzitsa ntchito. Dzanja anali nalo labwino, koma mutu wake unkagunda masitepe kakhumi patsiku. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ananena poyera kuti iye sangathe moyo wake wonse atawerama m'dzenje ngati mbewa, ndipo anapita kukaphunzira kuyendetsa malole. Mawu akuti dzenjewo anawalasa a Makiyi. Sanakangane naye, koma kuchokera tsiku limenelo nkhani zawo zinkadzera kwa amayi. Bambo akafuna kudziwa ngati mwana wafika bwino ku ulendo, ankafunsa amayi. Mwana akagula jekete la bambo ake, ankalipereka kwa amayi. Kadzira, amene anadzakhala mphunzitsi wa ana aang'ono, ankati amayi ake ndi positi ofesi yosatseka Lamlungu.

Patapita zaka makumi awiri ndi ziwiri chiwindire, eni nyumba yosanjikizana ija anaigulitsa, ndipo ogulawo anati aigumula. A Makiyi anazula misomali yawo umodziumodzi, analongedza makiyi m'zitini za penti, n'kubwera nazo kunyumba pa wilibala. Sabata yoyamba anathira oyilo maloko onse a m'nyumba. Yachiwiri anathira a anansi. Yachitatu akazi awo, amene anali atapuma kale ntchito chifukwa cha miyendo, anatsitsa kalendala, koma ulendo uno anaiika pa tebulo pafupi ndi kapu ya tiyi ya amuna awo.

"Bambo a Mlongoti, anthu odzitsekera kunja aja apeza wina wowatsegulira. Tinyamuka Lolemba la kumapeto kwa mwezi uno. Ana ndawauza kale."

A Makiyi anaiyang'ana kalendalayo nthawi yaitali, kufunafuna chifukwa china, koma zifukwa zonse zinali zitatha.

Ananyamuka anthu anayi, m'mawa kukadali kachisisira. Mlongoti anali atapempha tchuthi cha masabata atatu, nasiya mkazi ndi khanda kunyumba, ndipo kwa Kadzira sukulu zinali zitatsekera. Njirayo inkadziwika ndi timitanda tofiira tolembedwa ndi penti pa miyala, pa mapolo a magetsi ndi pa ngodya za nyumba. Tsiku loyamba lonse linathera pa kutuluka mumzinda. Anadutsa mafakitale, mabwalo ogulitsira matayala akale, mzere wautali wa nyumba zofanana, ndipo a Makiyi anadabwa kuti mzinda umene anakhalamo moyo wawo wonse ndi waukulu chotere. Iwo ankangodziwa msewu umodzi ndi zitseko za anthu.

Patsogolo pankakhala amake Mlongoti, ndodo m'manja, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Kadzira ankayenda pambali pawo ndi kabuku ka mapu. A Makiyi ankakhala pakati, ndipo Mlongoti kumbuyo kwenikweni, miyendo yake yaitali ikuvutika kuphunzira kuyenda pang'onopang'ono. Bamboyo anali atavala nsapato zatsopano zonyezimira zimene anadzigulira okha osafunsa munthu. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri zidendene zawo zinali matuza okhaokha. Kadzira anawamata mapulasitala akuwaseka kuti chikomekome cha mkuyu, ndipo kuyambira pamenepo anavala nsapato zakale za Mlongoti, atazitsendera manyuzipepala kutsogolo poti zinali zazikulu.

Tsiku lachitatu, pa chitunda china chachitali, a Makiyi anayamba kutsalira, akupuma mwa wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Atakhala pansi pa mtengo, Mlongoti ananyamula chikwama cha bambo ake kuti achichotse pa nyerere, n'kumva kulemera kwake. Anachitsegula osapempha. Pansi pa malaya awiri ndi thawulo panali matupa onse asanu ndi awiri m'chikopa chawo, kahamala, pulayala, oyilo, ndi makiyi osadula odzaza chitini.

Amake Mlongoti anagwira pakamwa. Kadzira anaseka mpaka kugona chagada pa udzu. A Makiyi, akuyang'ana kumbali, anati munthu sadziwa chimene akakumane nacho m'njira. Mlongoti yekha ndiye sanaseke. Anasamutsa zitsulo zonsezo n'kuziika m'chikwama chake, anachikoleka kumsana, nanyamuka. Tsiku lonselo a Makiyi ankamva makiyi awo akulira kumbuyo kwawo, ndipo kangapo anafuna kucheuka kuti anene kanthu, koma sanapeze poyambira.

Ankagona m'maholo a matchalitchi, m'makalasi a sukulu, pena m'nyumba za alendo zokhala ndi mabedi achitsulo osanjikizana, momwe munkamveka fungo la masokosi onyowa ndi mafuta opaka minofu. M'nyumba ina yotere, m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi, mayi woyang'anira nyumbayo anatsekeredwa m'chipinda chosungira mabulangete, kiyi atathyokera mu loko. Amwendamnjira onse anaunjikana pachitsekopo, wina akuti tichithyole, wina akuti tiitane apolisi, mayiyo ali mkati akuchenjeza kuti chitsekocho n'chakale kuposa iwo onse ndipo wochithyola aona zakuda. A Makiyi anadutsa pakati pa anthuwo mwakachetechete, anagwada, nasuzumira pa bowo. Kenako anatambasulira dzanja kumbuyo osacheuka, monga ankachitira kale, ndipo asanatchule chimene akufuna, katupa kowonda kunsonga kanali kale m'manja mwawo. Anatambasulanso, kunabwera kawaya. Anatambasulanso, oyilo. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, anthu n'kuomba m'manja. Kiyi watsopano anamudulira pa tebulo lodyera, Mlongoti atamugwira ndi pulayala poti chopanira panalibe.

Ali panja akumanga zingwe za nsapato, bamboyo ananena osayang'ana mwana wawo kuti, "Sunaiwale."

"Ndingaiwale bwanji, bambo? Zipsera za masitepe aja ndikadali nazo pamutu pano."

Tsiku limenelo anayendera limodzi kumbuyo. A Makiyi anafunsa kuti lole imakhala ndi magiya angati, munthu amagona pati, nanga mabuleki akakana pa mtsetse amatani. Mlongoti anafotokoza mpaka masana, manja ali m'mwamba ngati wagwira chiwongolero. Amayi kutsogolo ankangocheuka pang'ono, n'kumutsina Kadzira pa mkono kuti asayang'ane.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mvula inawapeza pamtetete. Amayi ndi Mlongoti anathamangira pa kashedi koyembekezera basi, a Makiyi ndi Kadzira n'kubisala pansi pa mlatho wa njanji. Akufinya masokosi, Kadzira ananena mwanthabwala kuti ulendo wonsewu ndi wa iye, koma za matendawo sakumbukira kanthu kupatula kapu yobiriwira yapulasitiki ndi fungo la mankhwala. Kenako mawu ake anatsika. Anafunsa ngati zinali zoona zimene azakhali ake anamuuza ali wamng'ono, zoti bambo ake sanabwere kudzamuona.

A Makiyi anayang'ana madzi amene ankayenderera kuchokera pa mlathowo. Anati n'zoona. Anati tsiku lililonse ikakwana folo koloko ankatseka kachipinda, kuyenda mpaka pageti la chipatala, kugula lalanje kwa mayi wina wa pagetipo, n'kuima. Zenera la wodi ya ana ankalidziwa, lachitatu kuchokera kumanzere. Ankaima pomwepo mpaka belu lotulutsa alendo litalira, kenako n'kubwerera.

"Ndinkaopa, mwana wanga. Ine chinthu chikawonongeka ndimachimasula n'kuona pamene palakwika. Nanga iwe ndikanakumasula bwanji? Ndinkati ndikakuona uli choncho ndigwa pomwepo, amayi ako akhala ndi odwala awiri."

"Nanga malalanjewo ankapita kuti?"

"Ndinkadya ndekha pobwerera. N'chifukwa chake mpaka lero lalanje sindilifuna."

Kadzira anaseka misozi ikutsika, anawagwira bambo ake pa mkono, ndipo sanawasiye mpaka mvula itakata. Madzulo ake anawanong'oneza amayi ake nkhaniyo poganiza kuti akuwauza chachilendo. Amayiwo anangoti ankawaona pazenera tsiku lililonse, chipewa chili m'manja, poti munthu wa ndevu zonyezimira sabisala pageti.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, potsika chitunda cha miyala yoterera, amake Mlongoti anaterereka n'kubinya phazi. Anafika ku tauni yapafupi atakoleka mikono pa mapewa a ana awo, phazi litatupa ngati buledi. Namwino wa pa kachipatala ka m'tauniyo anati fupa silinathyoke, koma apume masiku asanu osaponda pansi. Mayiwo ali chigonere pa benchi anayang'ana amuna awo n'kunena kuti, "Matupa munanyamula ndinu, koma wotupa ndine." Ngakhale namwino uja anaseka.

Masiku asanuwo anawathera m'kachipinda ka pamwamba pa malo ophikira buledi, ndipo atayambanso kuyenda mayiwo sankatha kupitirira makilomita asanu ndi atatu patsiku. Masabata atatu anakwana asanafike n'komwe pamene phiri limayambira kuoneka. Ana anayenera kubwerera ku ntchito. Anakambirana masana ena pa khonde la sukulu ina. Mlongoti anati akwere basi onse mpaka patsinde pa phiri, phirilo ndiye alikwere wapansi, poti Mulungu si kapitawo woti azikhalira kuwerenga mapazi a anthu. Kadzira anagwirizana ndi achimwene ake. Anati chowindacho chinali cha moyo wake, ndipo iye mwini moyo akuti chakwana. Amayi ankangosisita bandeji. Onse ankayembekeza kuti a Makiyi, amene anazengereza zaka makumi awiri ndi ziwiri, akhala oyamba kufunsa nthawi ya basi, ndipo iwo omwe ankaganiza choncho. Koma atayang'ana nkhope ya akazi awo anaona kuti mayiwo akwera basiyo osadandaula, monga analolera zinthu zambiri pa moyo wawo, ndipo zimenezo zinawawawa kuposa matuza.

"Inu pitani ku ntchito," anatero. "Ife ntchito tilibe. Amayi anu anati wapansi, ndiye tikafika wapansi. Tikayandikira tikuimbirani."

Ana anatsutsa mpaka mawu kuwathera, koma m'mawa mwake anakwera basi, Mlongoti atanyamula zitsulo zija kubwerera nazo kunyumba.

Masiku khumi ndi atatu amene anatsatira anawayenda awiriwiri. A Makiyi anazindikira kuti pa zaka zonse za ukwati wawo sanakhalepo ndi akazi awo tsiku lathunthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kupatula Lamlungu, ndipo Lamlungu linali la tchalitchi ndi alendo. Ankanyamuka ena onse atapita, kuyenda ola limodzi, kupuma, kuyendanso. Zikwama zonse ziwiri ankanyamula ndi a Makiyi, china kumsana china pachifuwa. Achinyamata a ndodo ziwiriziwiri ankawapitirira ngati aima, ndipo mbiri yawo inkawatsogolera, moti akamafika m'nyumba zogona ankapeza atawasungira kale mabedi apansi, anthu atamva kuti kukubwera agogo awiri oyenda ngati nanzikambe. Bamboyo anaphunzira kumanga bandeji mosathinitsa, kuchapa masokosi pa mpopi, n'kuwayanika pa chikwama ndi mapini. Akazi awo ankawadzudzula kuti safinya bwino, ndipo m'mawa uliwonse ankawaimitsa pakhomo n'kuwawongola kolala ndi chikhato, poti munthu amene wasita zovala moyo wake wonse sangaone makwinya n'kungodutsa.

Kumeneko ndi komwe mawu a a Makiyi anabwerera. Anakumbutsana za chipinda choyamba chimene anakhalamo atangokwatirana, chimene chitseko chake ankachitchinga ndi mpando, m'nyumba ya wokonza maloko. Anakumbutsana momwe anadziwirana, mtsikana wa ku hotela atabwera kudzadulitsa kiyi wa kabati ya nsalu. A Makiyi anaulula, patapita zaka zonsezo, kuti kiyiyo anamudula molakwika dala kawiri konse kuti mtsikanayo abwerenso. Akazi awo anaima pakati pa njira, natsamira ndodo, n'kuwauza kuti kiyi wachiwiri uja ankatsegula bwinobwino, iwo anangobweranso basi. Anaseka mpaka ng'ombe za m'mphepete mwa njira zinadzutsa mitu. Tsiku lina, atakhala pa mwala, analankhula kwa nthawi yoyamba za mimba imene inachoka pakati pa Mlongoti ndi Kadzira, imene aliyense wa iwo anainyamula mumtima yekhayekha. Mayiwo anati ankaganiza kuti anali mnyamata. Bamboyo anati iwo ankaganiza kuti anali mtsikana, ndipo akanakhala ndi zaka makumi atatu tsopano. Tsiku limenelo sanayende kwambiri.

Phiri linayamba kuoneka kutatsala masiku asanu, labuluu, ndipo linkakhala ngati likubwerera m'mbuyo iwo akamaliyandikira. Ana anabwera pa basi ya Loweruka, pamodzi ndi mkazi wa Mlongoti ndi khanda, nawapeza makolo awo patsinde pa phiri atada ndi dzuwa, a Makiyi lamba atamubowola mabowo awiri atsopano. M'mawa mwake, tsiku la makumi atatu ndi chisanu chinyamukire, anakwera onse pamodzi. Masitepe amiyala amene ena amawakwera ola limodzi iwo anawakwera maola anayi.

Tchalitchicho chinali chaching'ono kuposa momwe a Makiyi ankaganizira, moti mumtima anakhumudwa pang'ono. Munali mabenchi khumi, fungo la makandulo ndi chinyezi, ndipo kunja kwake munthu wina anali pa makwerero akupaka penti, akuimba likhweru. Amake Mlongoti anagwada movutikira, Kadzira atawagwira mbali ina. A Makiyi anakonzekera pemphero lalitali, poti mayiwo ankatha kupempherera tiyi mpaka kuzizira. Koma iwo anangoika dzanja pamutu pa mwana wawo wamkazi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndi uyu mwana uja. Tachedwa, koma tabwera tonse." A Makiyi anagwada nawo, mawondo akulira, ndipo poti sanadziwe chopempha, sanapemphe kanthu. Atatuluka anakhala pa kakhoma ka panja n'kudya buledi ndi mazira owiritsa, akuloza chigwa chonse pansi pawo n'kumatsutsana kuti anadzera pati.

Basi yobwerera kwawo inatenga maola asanu ndi anayi okha. A Makiyi anakhala pazenera, akutchula malo aliwonse amene anawazindikira, koma asanamalize kufotokoza amodzi ena anali atadutsa kale. Akazi awo anagona tulo paphewa pawo pafupifupi njira yonse.

Ntchito ya makiyi sanaibwererenso, kupatula kuthandiza anansi apa ndi apo. Amake Mlongoti anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, phazi lija likuwauza za mvula wailesi isananene. Anamwalira masana ena m'nyengo yozizira, ali pampando kunyumba kwawo, atangoti akupuma pang'ono.

Masiku ano a Makiyi amakhala kwa Mlongoti, m'chipinda cha kumbuyo choyang'ana ku bwalo loyanikira zovala. Maso awo anachita chifunga, koma mlendo akangotchula za ulendo uja, mpongozi wawo amateleka ketulo yachiwiri, chifukwa amadziwa kuti nkhaniyo sithera pa kapu imodzi. Za phiri ndi tchalitchi amazidutsa msanga. Pamene amachedwa ndi pa masana ena amene sipanachitike kanthu. Akuti anali awiriwiri m'mphepete mwa damu lina, tsidya linalo anthu akukweza udzu wouma pa ngolo, ndipo kunkatentha. Mayiwo anavula mpango wa kumutu kuti aunyowetse m'madzi, ndipo iwo anaona padzuwa kuti tsitsi lonse layera mbee. Ankakhala nawo nyumba imodzi, koma sanadziwe kuti linayera liti. Anawauza kuti lawakhala. Mayiwo anawayankha kuti asiye zachibwana, atenge zikwama, njira ikadalipo. Koma akuti mpangowo sanauvalenso mpaka madzulo.